MacBook ya i9 yotentha ija, nanga owunika a pa YouTube tiwakhulupirire?

Wamakamera_Chilobwe
Odi pa gulu pano akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo vidiyo iliyonse ndimaikonzera pa laputopu imene ndinagula kwa munthu zaka zinayi zapitazo. Masiku ano ndikangoyamba kurenda, ndiko kuti kutulutsa vidiyo yomalizidwa, mphindi zitatu zoyamba imathamanga bwinobwino. Kenako fani imayamba kulira ngati chigayo, kunsi kumatentha moti sungaiike pamiyendo, ndipo nthawi yotsala ija m'malo motsika imayamba kukwera. Vidiyo ya ola limodzi ndikaiyika madzulo imadzatha pakati pa usiku, akakhala kuti magetsi sanathime. Eni ukwati foni ndiye osaleka.

Msuweni wanga ali ku Johannesburg wapeza MacBook Pro ya 2018, ya mainchesi 15, ya Core i9, RAM yake 32 GB. Akuti mwini wake akugulitsa motchipa. Ndalowa pa YouTube kuti ndimve, wina akuti ndi chilombo pa ntchito, wina akuti ndi mbaula. Bandulo yatha, nzeru osaipeza. Ndiye ndithandizeni pawiri: ndigule kapena ayi? Nanga anthu owunika makompyutawa, woona ndi uti?

Mkonzi_wa_ku_Limbe
Mphwanga, usanatumize ngakhale tambala, tiyambe ndi imene uli nayoyo. Zimene ukufotokozazo dzina lake ndi throttling. Purosesa, ubongo wa kompyuta, ili ndi timasensa m'kati toyeza kutentha, ndipo za Intel zambiri malire ake ndi madigiri 100. Ikayandikira pamenepo imadzichepetsera yokha liwiro ndi magetsi amene ikukoka kuti isapse. Siinawonongeke ayi, ikudziteteza. Ife amene tinayamba kale ntchitoyi tikukumbuka vidiyo ya Tom's Hardware ya mu 2001. Anachotsa chitsulo choziziritsa pa mapurosesa gemu ili m'kati. Pentium 4 ya Intel inangofooka n'kumapitiriza mwapang'onopang'ono, koma Athlon ya AMD ya nthawi imeneyo inafuka utsi m'masekondi ochepa, kufa kunali komweko. Lero mapurosesa onse, a Intel ndi a AMD omwe, ali ndi chitetezo chimenechi.

Tsopano n'chifukwa chiyani yakoyo ikufika pa 100 msanga chonchi? Ine pa benchi panga sabata siitha osatsegula laputopu ya matenda amenewa. Ukachotsa chivundikiro, fani imaoneka yoyera ndithu, munthu n'kumati palibe vuto. Koma masula timasikuluwu titatu tija uidzutse fani. Pakati pa fani ndi timapepala ta chitsulo totulutsira mphepo umapeza fumbi litalukana ndi ubweya wa bulangete, lolimba ngati kachigamba ka thumba la makala, umachita kulisenda ndi pini lonse n'kutuluka limodzi. Mphepo imangozungulira m'kati momwemo. Ukachotsanso paipi ya kopa ija pamwamba pa purosesa, thermal paste, ija yothandiza kutentha kudutsa kuchoka pa purosesa kupita ku paipi, imene inali yofewa ngati phala umaipeza itauma, yong'aluka ngati dothi la kudambo mu Okutobala. Pamenepo kutentha kudutsa bwanji?

Zaka zinayi, inatsegulidwapo?

Wamakamera_Chilobwe
Ayi amalume, chigulireni sinatsegulidwepo. Ndipo kunena zoona nthawi zambiri ndimarenda ili pabedi, chifukwa soketi ili kumeneko.

Mkonzi_wa_ku_Limbe
Eya, watchula wekha theka la matenda. Mabowo opumira ali kunsi. Ichotse pabedi lero lomwe, uiike pa tebulo, kumbuyo uikweze ndi zitsekerero ziwiri za botolo.

Achemwali_a_ku_Leeds
Achimwene, za kompyuta yanu amalume anena kale. Ine ndiyankhe za MacBook yo, chifukwa nkhani yake ndi yodziwika, ndipo ikuyankhanso funso lanu lachiwiri.

Inatuluka mu July 2018. Purosesa yake ndi Core i9-8950HK, ya makore 6, ndiko kuti timapurosesa 6 m'kati mwa imodzi. Papepala analemba 2.9 GHz ngati liwiro lokhazikika, ndi 4.8 GHz ngati la pamwamba. Patangopita masiku ochepa, Dave Lee, mnyamata wa ku Canada amene pa YouTube amadziwika kuti Dave2D, anaipatsa ntchito yofanana ndi yanuyo, kurenda vidiyo mu Premiere Pro. Inalephera kugwira ngakhale 2.9 GHz imene inalonjezedwa ija, inkatsika kufika cha m'ma 2.2. Inatenga mphindi 39 ndi masekondi ena, pamene MacBook ya chaka cham'mbuyo, ya i7 yotsikirapo mtengo, inamaliza ntchito yomweyo m'mphindi 35. Munthu kulipira ndalama zambiri kuti uzichedwa. Ndiye iye anaitenga n'kuiika mufiriza, n'kurendanso. Mphindi 27. Apa panalibenso chotsutsa: purosesa inali ndi mphamvu, koma thupi lopyapyala lija silinkatha kutulutsa kutentha kwake.

Pa 24 July a Apple anavomera, anapepesa, n'kutulutsa pulogalamu yokonza. Anati mu firmware, pulogalamu ya m'kati yoyendetsa zida za kompyuta, munasowa kiyi ina imene inasokoneza kayendetsedwe ka kutentha. Zitatero zinthu zinasintha ndithu, kugwa koipa kuja kunatha. Koma pulogalamu siikulitsa fani, siiwonjezera kopa. Ndipo 4.8 GHz ija ndi ya kore imodzi purosesa ikadali yozizira, osati ya makore onse 6 kwa ola lathunthu.

Chimene ndikufuna mumve ndi ichi: kampani siinadzuke yokha n'kunena. Anaulula ndi munthu mmodzi wa kamera, amene analola makina kugwira ntchito nthawi yaitali n'kumayang'ana manambala.

Kugula, ine ndikuti ayi. Pano yakalamba, RAM ndi SSD zake anaziwotcherera pa bodi moti simungasinthe, kiyibodi yake ndi ya butterfly ija inavutitsa anthu mpaka Apple n'kuisiya, ndipo macOS Tahoe ya 2025 siilowa pa ya 2018.

Mlonda_wa_Kwacha
Achemwali mwafotokoza bwino, koma mundikhululukire, ine anthu a pa YouTube wa sindiwakhulupirira ngakhale mmodzi. Laputopu amapatsidwa ulere. Ndege amawalipirira, hotela amawalipirira. Kunsi kwa vidiyo kuli linki yoti ukagula iye adyepo. Munthu angalume dzanja limene likumudyetsa? Ngakhale wa firizayo, anthu mamiliyoni anaonera, iye ndalama n'kulowa. Kaya ayamikire kaya anyoze, onse akusaka ndalama, ndipo ife amene timagula kamodzi pa zaka zisanu ndi amene timapsa.

Mnyamata_wa_Johannesburg
Akulu, mantha anuwo ali ndi maziko, sindikutsutsani. Koma mukawaika onse m'thumba limodzi mutsala ndi ndani? Mutsala ndi pepala la kampani basi. Imvani zimene zinachitika chaka chomwecho cha 2018.

Mu June ku Computex, chionetsero chachikulu cha ku Taipei, a Intel anaonetsa purosesa ya makore 28 ikuthamanga pa 5 GHz. Anthu m'manja. Atolankhani a zamakompyuta atapita kukasuzumira, anapeza kuti makinawo ankaziziritsidwa ndi chimakina cha madzi ozizira kwambiri, chimene munthu wamba sangakhale nacho m'nyumba. A Intel anadzanena pambuyo kuti anaiwala kutchula kuti purosesayo anaikankha kupitirira muyezo wake.

Mu October anatulutsa Core i9-9900K. Analipira kampani yotchedwa Principled Technologies kuti iyese purosesayo poyerekeza ndi Ryzen 7 2700X ya AMD. Zotsatira zinati pa magemu ena Intel ikuposa ndi pafupifupi theka. Nthawi imeneyo anthu anali atayamba kale kulipiriratu, pamene owunika odziyimira paokha anali atasainira kuti asatulutse zotsatira zawo mpaka tsiku loikika. Ndiye manambala okhawo amene anali poyera anali olipiridwa aja. Anyamata a Hardware Unboxed a ku Australia ndi Steve Burke wa Gamers Nexus anawerenga lipotilo mzere ndi mzere. Anapeza kuti Ryzen anaiyatsira Game Mode, imene pa purosesa imeneyo imazimitsa makore 4 mwa 8. Anapezanso kuti ya Intel anaiika choziziritsa chachikulu cha Noctua, ya AMD n'kuisiya ndi chimene chimabwera m'bokosi. Burke anakwera galimoto mpaka ku ofesi yawo ku North Carolina, kamera m'manja, kukafunsa mmodzi wa eni kampaniyo maso ndi maso. Anabwereza mayesowo, mpata uja n'kuchepa kwambiri.

Taonani kuti pa nkhani zonse ziwiri chinyengo chinabisala pa kuziziritsa. Nambala ya GHz payokha, osanena kuti yaziziritsidwa ndi chiyani ndipo yagwira nthawi yaitali bwanji, ilibe tanthauzo.

Mlonda_wa_Kwacha
Chabwino, awo anachita bwino. Koma mawa lake kampani ikawamana katundu adya chiyani?

Mnyamata_wa_Johannesburg
Zinachitikapo zimenezo. December 2020 a Nvidia analembera Hardware Unboxed kuti sadzawatumiziranso makadi a zithunzi a Founders Edition, amene Nvidia imapanga yokha, ati chifukwa sankaikira mtima pa ray tracing, njira yoonetsera kuwala m'magemu, mmene kampaniyo inkafunira. Iwo sanapite kukagwada. Anaulula poyera, owunika anzawo kuphatikizapo Linus Sebastian wa Linus Tech Tips anakwiya nazo, ndipo pasanathe masiku ambiri Nvidia inabweza mawu n'kupepesa. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti chikakamizo chimene mukunenacho chilipodi, ndipo tinachiona ndi maso chifukwa wina anakana kuchibisa. Funso limene limandivuta ndi la timachanelo ting'onoting'ono timene tikalandira kalata yotereyi timangokhala chete chifukwa palibe wotiyankhulira.

Mphunzitsi_wa_ku_Nchalo
Moni nonse. Ine ndimaphunzitsa sayansi kuno kuchigwa, ndipo ndawerenga zonse mwachidwi. Pali chinthu chimodzi chimene simunachikhudze, chimene chimandipweteka kuposa nkhani ya ziphuphu. Wowunika akhoza kukhala woona mtima kotheratu, koma zotsatira zake n'kukhala zabodza kwa ine.

Choziziritsa cha kompyuta sichipanga kuzizira. Chimangosamutsa kutentha kuchoka pa purosesa kupita mumpweya wa m'chipindamo. Ndiye chofunika ndi kusiyana kwa kutentha kwa purosesa ndi kwa chipinda. Tiyerekeze wowunika ali m'chipinda cha madigiri 22, wayesa laputopu, purosesa yaima pa 90. Iye anena moona kuti siikuchita throttling. Kusiyana kwake ndi 68. Tsopano laputopu yomweyo ibwere kuno mu Okutobala kapena Novembala, pamene kunja kumapitirira 40, m'kalasi ya malata muli 38. Phatikizani 38 ndi 68, mupeza 106. Purosesa siingalole kufika pamenepo. Ikafika pa 100 itsitsa liwiro mpaka masamuwo agwirizane. Fumbi sitinaliwerengere, paste youma sitinaiwerengere.

Ndimaziona ndi maso. Laputopu imene ndimaonetsera ana zithunzi pa projekita, m'mawa 7 koloko imayenda bwino. Ikakwana 1 koloko masana, kutsegula fayilo yomweyo kumakhala ngati ukukoka ngolo pamchenga. Ana amaganiza kuti ndi vairasi. Mu Juni vuto lomwelo kulibe.

N'chifukwa chake ine wowunika amene satchula kutentha kwa chipinda chimene akuyeseramo ndimamudutsa. Ndipo akanena kuti laputopu inafika 95 koma zili bwino, ine ndimamva kuti kwathu kuno siikwanitsa.

Achemwali_a_ku_Leeds
Aphunzitsi, apa mwalasa. Kuno nyumba zambiri m'kati mumakhala madigiri 20 kapena kuchepera kwa miyezi yambiri. Ndinatumizirapo mng'ono wanga ku Salima laputopu yopyapyala imene kuno sinandivutepo, iye n'kumadandaula kuti ikuchedwa pa ntchito masana. Ndinkamuganizira kuti wadzazamo zinthu. Ndinadzamvetsa nditapita ndekha kumudzi.

Ndionjezere chimodzi pa masamu anuwo. Si kutentha kokha kumene kumatsitsa liwiro, palinso malire a magetsi. Intel ili ndi zimene amati PL1 ndi PL2. PL2 ndi mphamvu yochuluka imene purosesa imaloledwa kukoka kwa kanthawi, pa malaputopu ambiri pafupifupi masekondi 28, kenako imabwerera pa PL1, mphamvu yokhazikika, imene pa i9 ija ndi mawati 45. Wopanga laputopu aliyense amaika malire akeake molingana ndi fani imene waikamo. Ndiye malaputopu awiri akhoza kukhala ndi purosesa ya dzina limodzi, sitika yofanana, koma ina n'kumaposa inzake kutali. Tsono benchmark, pulogalamu yoyesera liwiro, imene imatha m'masekondi 30 imangoona nthawi yokoma ija. N'chifukwa chake benchmark ya Cinebench R23 inabwera ndi kuyesa kwa mphindi 10, ndipo a Notebookcheck, tsamba lowunika malaputopu, amabwereza Cinebench kambirimbiri motsatizana n'kujambula mzere woonetsa mmene manambala akutsikira. Mzere umenewo ndi umene wa mavidiyo ngati achimwenewa ayenera kuyang'ana, osati nambala yoyamba.

Wamakamera_Chilobwe
Ndiye mphindi zitatu zanga zokoma zija ndi zimenezi. Zikomo achemwali. Funso lina, musandiseke: nanga ndikamaika laputopu mufiriji porenda, monga anachitira uja?

Mkonzi_wa_ku_Limbe
Usayerekeze mphwanga. Uja ankangofuna umboni wa tsiku limodzi. Ukaitulutsa mufiriji kubwera pa mpweya wotentha, m'kati mumachita mame ngati pa botolo la madzi ozizira, ndipo madzi pa bodi ndi imfa. Ndinalandirapo ina ya mwana wa sukulu amene ankaiika pa paketi ya ayisi. Mwezi umodzi bodi yonse inali itachita dzimbiri lobiriwira. Fani ya patebulo yopemerera cham'mbali ndi yokwanira.

Wa_ku_Chipata
Muli bwanji abale. Ine makompyuta sindidziwa kwambiri, ndimagulitsa mafoni, koma nkhaniyi ikufika ndi kwathu. Foni ilibe fani, ndiye throttling ndi moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Chimene chimandinyansa ndi pamene kampani ikubisa. Mu 2021 a AnandTech, tsamba lowunika makompyuta ndi mafoni, anapeza kuti OnePlus 9 Pro inkachepetsa mphamvu pa maapu otchuka ngati Chrome ndi Twitter, koma maapu a benchmark inkawasiya athamange mmene angathere. Kampaniyo inavomera, inati inkateteza batire ndi kutentha. Mu March 2022 zinatulukanso za Samsung Galaxy S22. Munali pulogalamu yotchedwa Game Optimizing Service imene inkatsitsa liwiro pa magemu, koma benchmark osaikhudza. Anayamba kuzitulukira ndi ogwiritsa ntchito a ku South Korea. A Geekbench, eni benchmark ina, anachotsa S22 pa mndandanda wawo, pamodzi ndi S21, S20 ndi S10, ndipo Samsung inatulutsa apudeti yopatsa munthu ufulu wosankha.

Kuchepetsa liwiro kuti foni isawotche dzanja ine ndilibe nako vuto. Koma foni izizindikira kuti uyu ndi woyesa, ndimuonetse mphamvu zonse, uyu ndi kasitomala, ndimupatse theka? Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Ndipo wowunika waulesi, amene amangodina benchmark kamodzi n'kuwerenga nambala, amasanduka wofalitsa bodzalo iye osadziwa.

Mlonda_wa_Kwacha
Apo ndiye mwandithandiza a ku Chipata. Ndipo si aang'ono okha amene amalakwitsa. Nanga Linus amene a ku Johannesburg amutchula uja, si yemwe anagwidwa mu 2023? Chanelo chachikulu chonchija, antchito ambirimbiri, zipangizo zodula.

Mnyamata_wa_Johannesburg
Ndi yemweyo, ndipo nkhaniyo inalinso ya kuziziritsa. Kakampani kakang'ono kotchedwa Billet Labs kanawapatsa choziziritsa cha madzi chimene anachipangira khadi la RTX 3090 Ti. A Linus Tech Tips anachiyesa pa RTX 4090, chimene sichinapangidwire, zotsatira n'kuipa, iwo n'kuuza anthu kuti asagule. Kenako m'malo mobweza, chinagulitsidwa pa okushoni. Mu August 2023 Gamers Nexus inatulutsa vidiyo yaitali yoonetsa zimenezi pamodzi ndi zolakwika zina zambiri m'matchati awo, n'kunena kuti gwero lake ndi kuthamangira kutulutsa mavidiyo tsiku ndi tsiku. A Linus Media Group, kampani ya Linus, anapepesa n'kuimitsa kaye kutulutsa mavidiyo kwa masiku angapo.

Koma akulu, onani amene anamugwira. Si boma, si kampani, ndi wowunika mnzake. Anatha kumugwira chifukwa manambala anali poyera, aliyense wa zipangizo akanatha kubwereza.

Mlonda_wa_Kwacha
Kapena ankangofuna kugwetsa wopikisana naye.

Achemwali_a_ku_Leeds
Mwina mumtima mwake munalinso zimenezo, mtima wa munthu sitingauone. Koma khadi linali lolakwika kapena silinali lolakwika? Linali lolakwika, ndipo eni ake anavomera. Ine pamenepo m'pamene ndimaimira. Sindifunsa ngati wowunika ndi munthu wabwino. Ndimafunsa ngati wandipatsa zokwanira kuti wina amugwire akanama.

Ndikamaonera ndimamvetsera ngati wanena kumene katunduyo wachokera, wagula yekha, wabwerekedwa kapena wapatsidwa. Kuno ku Britain malamulo amafuna kuti vidiyo yolipiridwa ilembedwe poyera kuti ndi malonda, ndipo alipo ena ngati RTINGS ya ku Canada amene amagula okha m'sitolo zimene akuyesa, kuopa kupatsidwa chosankhidwa mwapadera. Kenako ndimayang'ana ngati waonetsa liwiro, mawati ndi madigiri pa nthawi yaitali. Amene amangoti "ikuthamanga kwambiri abale" akusisita chivundikiro, ameneyo ndi wotsatsa malonda, ngakhale asanalandire kanthu. Ndipo ndimakonda amene anabwerapo poyera kunena kuti apa ndinalakwitsa, nayi nambala yolondola.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si ziphuphu kwenikweni, koma kutha kwa malo amene ankalemba mozama. AnandTech imene a ku Chipata atchula inayamba mu 1997, woiyambitsa Anand Lal Shimpi ali mnyamata wa zaka 14. Ndi iwo amene ankatha kulemba masamba makumi awiri pa purosesa imodzi. Inatsekedwa pa 30 August 2024. Tsiku limenelo ndinakhumudwa ngati kwachitika maliro. Ntchito yoyesa bwino imadya masiku, pamene vidiyo yotsegula bokosi imatha masana amodzi n'kuonedwa ndi anthu ochuluka kuposa. Ife oonera tili ndi gawo lathu pamenepa.

Mphunzitsi_wa_ku_Nchalo
Achemwali, funso. Mwana wa mlongo wanga wamanga kompyuta ya patebulo ya Ryzen 7000, akuti ikumafika 95 ndipo akuchita mantha. Ndi throttling imeneyo?

Achemwali_a_ku_Leeds
Osati kwenikweni aphunzitsi. A AMD ananena okha potulutsa mapurosesa amenewo mu 2022 kuti anawapanga kuti pa ntchito yolemera azikwera dala mpaka 95 n'kukhala pomwepo, akufinya liwiro lonse limene choziziritsa chingalole. Ndiye madigiri okha sanena zonse. Ayang'ane liwiro. Ngati pa 95 po ikugwirabe pamwamba pa liwiro lokhazikika limene analemba, ili bwino. Ikamagwa pansi pa limenelo, monga inkachitira MacBook ija, pamenepo pali vuto. Koma masamu anu aja akugwirabe ntchito: m'chipinda chotentha ipeza liwiro locheperapo kuposa la mu vidiyo.

Mkonzi_wa_ku_Limbe
Tabwererani kwa mwini nkhani. Mphwanga, chita izi usanabwere kwa ine kapena kwa wina aliyense, kuti nawenso ukhale ndi umboni wako. Koperani HWiNFO64, ndi yaulere. Tsegula mbali ya masensa. Chaja ikhale yolumikiza, chifukwa pa batire laputopu imadzichepetsera mphamvu ngakhale isanatenthe. Yamba kurenda vidiyo imene ukuidziwa nthawi yake. Lemba papepala liwiro ndi madigiri pa mphindi yoyamba, yachisanu ndi yakhumi. Pali mzere wolembedwa Thermal Throttling, uona ngati ukunena Yes. Tikatsuka udzabwereze vidiyo yomweyo, nthawi yomweyo ya tsiku.

Ndipo kwa aliyense wogula laputopu yakale, kaya ku Limbe kuno, kaya ku Lilongwe, kaya akukutumizirani kuchokera kunja: musamangoyatsa n'kuona kuti Windows yatseguka. Pemphani mphindi 10. Wogulitsa amene akukana kuti muiyese mphindi 10 akudziwa chimene chichitike pa mphindi yachinayi.

Mlonda_wa_Kwacha
Izi ndiye ndagwirizana nazo, chifukwa woyesa ndine ndemwe. A YouTube wo ndidzawaonera, koma ndi diso limodzi.

Wamakamera_Chilobwe
Ndabweranso akuluakulu. Ndinachita monga ananenera amalume. Lachinayi masana, laputopu ili patebulo, mphindi yoyamba inali pa 3.4 GHz, madigiri 88. Pofika mphindi yachisanu madigiri 99, liwiro 1.6, mzere uja ukuti Yes mofiira. Dzulo ndinapita nayo ku benchi kwawo. Chimene chinatuluka kuseri kwa fani ndinachijambula, chikuoneka ngati kachidutswa ka bulangete, chotalika ngati chala changa. Paste anachita kuipala, anapukuta ndi spiriti mpaka chitsulo kuwala, n'kudontheza yatsopano kadontho ngati njere ya nandolo. Popemerera fumbi anagwira fani ndi chala kuti isazungulire.

Lero nthawi yomweyo, vidiyo yomweyo: mphindi yakhumi madigiri 84, liwiro likusewera pa 2.9 mpaka 3.0, mzere uja ukuti No. Chigawo chimene chinkatenga mphindi 50 chatha m'mphindi 29. Msuweni ndamuuza kuti MacBook ija aisiye. Ndalamazo ndisunga, ndipo ndikadzafuna ina ndidzabwera ndi mzere wa Cinebench wa mphindi 10 kuti tidzauonere limodzi. Amalume, paste imeneyi ndidzasinthenso liti?

Mkonzi_wa_ku_Limbe
Paste ikhoza kukutengera zaka ziwiri kapena zitatu. Fumbi ndiye usadikire choncho, ndi misewu yathu ino uzibwera nayo chaka chilichonse mwezi wa Ogasiti kapena Seputembala, kutentha kusanafike. Pepala lako la manambala lija usataye, udzabwere nalo.